Ayi wa Timothy Likhutcha

Timothy Likhutcha anabadwa pa 9 Juni 1967 ku Ndirande, ndipo amene anamuona akukula amati anadziwa kukunga chibakera asanadziwe kumanga zingwe za nsapato. Anali wamanzere. Bambo ake ankanyamula katundu m'sitolo ya mmwenye wina ku Limbe. Pa 3 Ogasiti 1978 Timothy anawapititsira mbatata yophika, ndipo anafika pakhomo nthawi imene mwini sitolo ankawaomba mbama chifukwa cha bokosi la matambula limene linagwa. Mbamayo inalira ngati thabwa lathyoka. Bambo akewo anavula chipewa, magazi akuchucha pakona pa mlomo, n'kunena kuti, "Pepani bwana." Timothy sanalire. Anaika mbale pansi, ndipo pobwerera anakumana ndi mnzake wa kusukulu amene sanamulakwire kanthu, n'kumugulula mano awiri.

Ali ndi zaka 17 anayamba nkhonya za mpikisano. Anamenya ka 31, n'kupambana ka 24, ndipo anthu anamupatsa dzina loti Mpini. Kumaso sankamenyako kwenikweni. "Nkhope ndi mafupa okhaokha, ungothyolerapo zala," ankatero. Iye ankalowa pansi, m'nthiti ndi m'chiuno, pamene munthu akalasidwa miyendo imangokana yokha. Anzake nawo ankamubwezera pomwepo. Nkhonya ikatha ankakodza magazi masiku awiri, n'kumaitana anzake kuti adzaone, akuseka.

Ku England anafika pa 21 Okutobala 2003, kutsatira mkazi wake Joanna amene anali atapeza ntchito yosamalira okalamba ku Leicester. Timothy anakhala mlonda m'nyumba zikuluzikulu zosungiramo katundu ku Corby. Ankakwera basi ya ogwira ntchito m'mamawa, kubwerako dzuwa litalowa. Ntchito ziwiri zinamuthera chifukwa cha dzanja lamanzere lomwelo. Yachiwiriyo inatha pamene dalaivala wina wa lole anamunyodola pageti polira ngati nyani. Timothy anamutsitsa m'lolemo pomukoka kolala, n'kumupatsa kamodzi kokha pansi pa nthiti. Munthuyo anagwada, n'kusanza tiyi yense pa nsapato zake.

Koma chimene chinamugwetsa iye sichinabwere ndi chibakera. Chakumapeto kwa 2013 mapazi anayamba kutupa, chakudya chinkamveka chitsulo m'kamwa, ndipo tsiku lina anakomoka ali chiimire pageti. Dokotala anati magazi ake akhala akuthamanga kwa zaka zambiri iye osadziwa, ndipo impso zonse ziwiri zafota. Magazi ake azisefedwa ndi makina katatu pa sabata, maola anayi ulendo uliwonse, mpaka itapezeka impso ya munthu wina yoti amuike. Ndipo kuti singano za makinawo zizilowa bwino, amupanga fisitula.

"Mundipanga chiyani?"

Timothy anaimirira, mpando n'kugwa chagada. Kwawo fisitula ndi matenda a amayi amene avutika pobereka. Joanna anachita kumugwira lamba. Dokotalayo anafutukira kukhoma, n'kufotokoza mofulumira kuti akunena za kulumikiza mitsempha iwiri ya pamkono kuti ikhale umodzi waukulu. Anailumikiza pa mkono wamanja. Mtsemphawo unakula ngati chala chachikulu cha kuphazi, n'kumanjenjemera osalekeza. Ukaikapo khutu unkamva ngati mphaka akuliza mkonono. Timothy anangoutcha mphaka, poti dzina linalo sankalitchula. Anamuchenjeza kuti mkonowo asaugonere, asanyamulire cholemera, ndipo koposa zonse usachekedwe, chifukwa magazi a mmenemo akayamba kutuluka sadikira munthu.

Lolemba pa 3 Malichi 2014 anakhala pa makina koyamba. Singano zinali zonenepa ngati misomali, koma chimene chinamuzunza ndi ludzu. Poti sankakodzanso, ankaloledwa madzi osapitirira theka la lita pa tsiku, kuphatikizapo tiyi ndi msuzi womwe. Joanna analemba mzere pa botolo. Pa 5 Disembala 2015 anamupeza kukhitchini ataweramira pampopi, akumwa osapuma. Anatseka mpopiwo.

"Abambo, mukufuna madzi adzaze m'mapapo? Mudzafera pa kapeti pompano."

"Ndisiye."

"Sindikusiyani."

Dzanja lamanzere linanyamuka lokha, monga ankanenera iye pambuyo pake, ngakhale dzanja silinyamuka lokha. Joanna anagwera pa chitofu, ndipo diso lake linatsekeka sabata ziwiri. M'zaka 22 za ukwati Timothy anali atathyola zitseko ndi kuswa mbale zosawerengeka, koma mkaziyo anali asanamukhudzepo. M'mawa mwake Joanna analongedza masutikesi awiri n'kupita kwa mchemwali wake ku Hyson Green, ku Nottingham. Botolo la mzere lija analisiya patebulo.

Mu Febuluwale 2016, pa mpando woyandikana ndi wake m'chipinda cha makina, anabweretsapo mmwenye wachikulire wa ndevu zoyera, wodwala shuga. Timothy anatembenukira kukhoma. Namwino atabaya singano, mkuluyo anabuula kuti, "Mayo ine!"

Timothy anadzutsa mutu. "Mwati chiyani?"

"Ndati mayo ine. Nanga ndinene chiyani, zikomo kwambiri?"

Anali a Abdulkader, obadwira ku Limbe, amene anabwera ku Leicester mu 1976 ndipo anali ndi sitolo ya zakudya ku Highfields pamodzi ndi mng'ono wawo Rafik. Chichewa chawo chinali chakale, cha pamsika. Zaka ziwiri anthu awiriwa anagona moyandikana Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, magazi awo akuzungulira m'machubu, iwo akunyozana.

"Bwana, ntchito yonyamula matumba ija mwandisungira?"

"A Mpini, inu paketi ya mchere yokha ingakugwetseni. Nanga fisitula ili bwanji? Mwana anabadwa bwino?"

"Muziseka, bwana. Ndikadzachira ndidzayambira inuyo."

Ankaseka mpaka makina kulira, namwino n'kubwera kudzawakalipira. Akazi awo a mkuluyo, mayi Jubeda, pobwera kudzawatenga ankanyamula tizidutswa ta madzi oundana tofinyiramo ndimu, toti onse awiri azimung'unya ludzu likavuta. Tsiku lina Timothy anawauza nkhani ya mbama ya ku Limbe. A Abdulkader anati, "Zinkachitika zimenezo. Bambo anganso dzanja lawo linali lofulumira." Timothy sanadziwe ngati awakonde kapena awade chifukwa cha mawuwo.

Lachiwiri pa 10 Meyi 2016 Timothy anaitanidwa kukaonana ndi namwino woyang'anira mndandanda wa anthu odikira impso. Anali mzungu waulemu, wolankhula motsitsa mawu. Anafotokoza kuti pali impso zina zimene zipatala zimakana: mwina mwini wake anamwalira ali wokalamba, mwina impsoyo yatuwa, magazi sanatsukike bwino mkati. Kale zoterezi zinkangotayidwa. Tsopano madokotala ena amazitenga, kuziika pa makina ofunditsa, kuzipopera magazi kwa ola limodzi, n'kuona. Ikafiira n'kuyamba kutulutsa mkodzo ndiye kuti ili moyo, ndipo amamuika munthu. Koma si aliyense amalola. Ena amasankha kudikira yopanda chilema. Poopa kuoneka ngati akumukakamiza, namwinoyo anafunsa mozungulira, m'Chingerezi chaulemu chija:

"Inu simungafune impso yoti ena aikana, si choncho?"

"No!" anatero Timothy mwamphamvu, akumenya tebulo.

Iye ankatanthauza kuti ayi, mwalakwa, ndikuifuna. Pa Chichewa munthu akakufunsa kuti "Simudya?" ukati eya ndiye kuti sudya, ukati ayi ndiye kuti bweretsani mbale. Namwinoyo anamva ayi wa Chingerezi, amene ndi kukana basi. Anachonga m'kabokosi, n'kumupatsa pepala kuti asaine. Magalasi anali atawaiwala kunyumba. Anasaina, n'kutuluka akuimba mluzu, mumtima akuti foni ilira mwezi usanathe.

Foni sinalire. Miyezi 22 anaisunga pafupi ngati chithumwa. Ankalowa nayo kubafa, ankaitchaja kawiri pa tsiku. Wina akaimba molakwitsa nambala ankamutukwana mpaka makolo ake. Minofu ya m'manja inalendewera, khungu linkayabwa mpaka ankadzikanda ndi foloko kutulutsa magazi. M'miyezi imeneyo anzake atatu a m'chipinda cha makina anaikidwa m'manda asanaitanidwe.

Lachitatu pa 21 Febuluwale 2018 anapeza pa mpando wa a Abdulkader pali munthu wina. Anaganiza za maliro, poti mipando ya mmenemo nthawi zambiri inkasintha eni mwa njira imeneyo. Koma odwala anzake anamuuza kuti mkuluyo anaitanidwa dzulo lake, ndipo amuika impso. Timothy anaomba m'manja, anati Mulungu ndi wabwino. Kenako anayamba kulingalira. Iye anali atadikira zaka zinayi, mmwenye zaka ziwiri. Iye anali ndi zaka 50, mmwenye 66. Gulu la magazi linali limodzi, anali atakambiranapo. Sabata zitatu anatembenuza zomwezo m'mutu, kunja chipale chofewa chikutseka misewu, ndipo ulendo uliwonse yankho linkamveka ngati mbama ya ku Limbe.

Lachisanu pa 16 Malichi, makina atayenda maola awiri, anaitana namwino wa tsikulo n'kumufunsa kuti zinatheka bwanji.

"Za munthu wina sindinganene," namwinoyo anatero.

"Nenani zanga."

Namwinoyo anayang'ana pa kompyuta. "Pali mndandanda wa impso zokanidwa zija, umene umayendako msanga. Inu simulipo."

"Mindandanda ilipo iwiri?"

"Ilipo iwiri, koma apa palembedwa kuti inu..."

Zotsalazo sanazimve. Anazula singano zonse ziwiri ndi dzanja lake, makina anakuwa, magazi anawazikira pa yunifolomu ya namwinoyo. Anakankha tebulo ndi phazi, linakagunda khoma. Anamwino awiri anaima pakhomo, akumuuza kuti m'thupi mwake mukadali mankhwala oletsa magazi kuundana. Anangowalola kumata mabala a singano, n'kuwapatula ndi phewa, n'kutuluka wopanda jekete. Pa basi ya ku Highfields anthu anamusiyira mipando iwiri. Njira yonse ankaona chipewa cha bambo ake.

Inali cha m'ma 3 koloko masana, anthu atabwerako kumzikiti. M'sitolo munalibe wogula. Rafik, bambo wonenepa wa zaka 58, anali kuseri kwa kauntala ya galasi imene ankaikamo maswiti a chimwenye. A Abdulkader anali pampando pakona, atafunda bulangete. Linali tsiku lawo loyamba kutsika kuchokera m'zipinda za pamwamba pa sitoloyo. Ataona Timothy nkhope yawo inawala.

"A Mpini! Mwathawa makina? Lero si Lachisanu kodi?"

"Munawapatsa chiyani?"

"Ndani?"

"Madokotala. Munawapatsa chiyani kuti akuikeni pa mndandanda wa mabwana?"

"Achimwene, takhalani pansi. Kuno si ku Limbe."

"Eya, si ku Limbe. Kuno chipewa sindivula."

Anasesa shelefu yonse ndi mkono wamanzere. Mabotolo a tsabola ndi a mafuta ophikira anaphulika pansi. Anagwetsa shelefu yachiwiri, thumba la mpunga linang'ambika. Rafik anatenga ndodo yachitsulo yokokera chitseko cha panja, n'kuzungulira kauntala akutukwana m'chilankhulo chawo. Ndodoyo inamupeza Timothy paphewa, kenako pakhutu. Khutu linang'ambika. Timothy anapukusa mutu monga ankachitira kale belu likalira, analowa pansi pa ndodo, n'kutulutsa lamanzere. Tsiku limenelo anamenya kumaso. Nsagwada za Rafik zinalira ngati khoko la mtedza likusweka, ndipo bamboyo anagwera pa mafuta ndi magalasi, pakamwa patapindika.

Kenako Timothy anatembenukira pakona. Ankadziwa pamene impso yatsopano imaikidwa. Anamwino anali atawaonetsa pa chithunzi: osati kumsana kuseri kwa nthiti, koma kutsogolo, m'munsi mwa mimba, pansi pa khungu penipeni, popanda fupa loitchinga. A Abdulkader nawo ankadziwa kuti iye akudziwa. Anaika manja onse awiri pamenepo. Sanakuwe.

"Ili apa," anatero. "Ya mayi wina wa zaka 70, dzina sindikulidziwa. Zipatala zinayi zinaikana. Mukaiphwanya, inu simuitenga."

Timothy anaponya phazi kutsogolo, chibakera chili m'chiuno. Kaya akanamenya kaya ayi, iye mwini sanathe kunena, ngakhale pamaso pa woweruza. Rafik, ali chigonere, anamukumbatira miyendo yonse iwiri. Pansi panali mafuta okhaokha. Timothy anaterereka, anatambasula mkono wamanja kuti adzigwire, ndipo mkonowo unalowa m'galasi la kauntala mpaka m'chigongono.

Atautulutsa anaona kabala kakang'ono pamwamba pa mphaka uja. Kenako magazi anatumphuka. Anafika kudenga, anagunda babu, n'kuyamba kugwa ngati mvula pa maswiti, pa sikelo, pa ndevu za a Abdulkader. Ankatuluka motsatira mtima, kutumphuka, kupuma, kutumphukanso. Anayesa kutseka ndi chikhatho, magazi anadutsa pakati pa zala. Miyendo inakana monga inkakanira ya anzake aja, ndipo anakhala pansi.

Mayi Jubeda anatsika atamva phokoso. Anayang'ana mlamu wawo, anayang'ana amuna awo, anayang'ana denga. Zaka ziwiri zosamalira mkono wa amuna awo zinali zitawaphunzitsa chochita. Anatsegula firiji, anatenga botolo la mkaka, anapotokola chivindikiro, botolo n'kuliponya uko. Anapondereza dzanja la Timothy ndi bondo, anavundikira balalo ndi chivindikirocho mozondotsa, n'kukanikiza ndi thupi lawo lonse.

"Imbani foni," anauza amuna awo. "Munene kuti anthu awiri. Ndipo muzimulankhulitsa uyu, asagone."

"Ndisiyeni," Timothy anatero.

"Khalani chete inu. Mwandiwonongera sitolo, musandiferenso muno."

A Abdulkader ataimba foni anakokera mpando pafupi. "Palibe chimene ndinapereka, a Mpini. Anandifunsa ngati ndingalandire yokanidwa, ndinati ndilandira. Inu sanakufunseni?"

"Anandifunsa." Lilime linali litalemera. "Ndinavomera."

"Anafunsa bwanji? Nenani mawu ake. Tsegulani maso!"

"Anati... simungafune yoti ena aikana, si choncho?"

"Inu n'kuti chiyani?"

"Ndinati ayi."

Mayi Jubeda anatukula mutu, manja ali pomwepo. "Ayi wake uti? Wa kwathu kapena wa kuno?"

Timothy anawayang'ana kukamwa yasa. Anakumbukira namwino uja akugwedeza mutu mwaulemu, cholembera chikuchonga, iye akutuluka ndi mluzu.

"Mayo," anatero mayiwo. "Zaka zonsezi muli kuno simunaphunzire? Ine mu 1977 ndili m'chipatala cha amayi anandifunsa kuti simudya nkhumba, ndinati eya, n'kundibweretsera soseji. Ndinagona ndi njala ndi mwana kubere. Kuyambira tsiku limenelo mzungu sindimuyankha ndi liwu limodzi. Mumanena zonse, ndikufuna, sindikufuna. Ndiye mwathyolera munthu nsagwada chifukwa cha ayi wanu yemwe!"

Timothy anafuna kunena kanthu, koma mdima unayamba kulowa m'mbali mwa maso. Chomaliza chimene anaona ndi Rafik akulavulira dzino m'chikhatho. Ambulansi inafika patatha mphindi zisanu ndi zinayi, ndipo a mu ambulansiwo anachita kuwamasula mayi Jubeda zala chimodzichimodzi, poti zinali zitauma pa chivindikiro.

Anapulumuka, koma sanatuluke mmene analowera. Mphaka uja madokotala anamumanga, sanalirenso. Makina anayamba kulumikizidwa pa chubu cha pakhosi. Zala ziwiri za kumanja zinafa. Anamuthira mapaketi asanu a magazi, ndipo dokotala anamuuza mosabisa kuti magazi achilendowo aphunzitsa thupi lake kulimbana ndi chilichonse cha munthu wina: pa impso khumi zilizonse, zisanu ndi ziwiri thupi lake tsopano lingazikane. Pa mndandanda anamuchotsapo kwa miyezi isanu ndi itatu. Pepala lija anamuonetsa, kabokosi kochongedwa, saini yake pansi. Analiyang'ana nthawi yaitali, akufunafuna woti amumenye, koma dzina linalipo linali lake lokha. Yankho analikonza pa 4 Epulo, atavala magalasi, akulondola mzere uliwonse ndi chala.

Lolemba pa 2 Julayi khothi linamupatsa chilango cha miyezi 18 kundende, choti adzakalowe akadzalakwanso. A Abdulkader anali atalembera woweruza kalata yomupepesera. Rafik, amene anamwa phala pa kapaipi sabata zisanu ndi imodzi nsagwada zili zomangidwa ndi waya, anakana kusaina nawo, ndipo akamuona Timothy amaolokera tsidya lina la msewu. Timothy analembera Joanna kalata ya masamba anayi. Yankho linabwera la mzere umodzi: "Ndamva. Muzimwa mankhwala." Sanabwerere.

Lachinayi pa 7 Novembala 2019, nthawi ili 6:40 m'mawa, foni inalira. Pofika 9 koloko anali pabedi, atavala chovala chija chotseguka kumbuyo. Dokotala wa opaleshoni anabwera ndi foni m'manja, n'kumuonetsa kanema: kanyama kooneka ngati nyemba yaikulu, kali m'mbale yoonekera mkati, machubu atalowa uku ndi uku. Anati mwini wake anali bambo wa zaka 69, wosuta fodya. Zipatala zisanu ndi chimodzi zaikana. Itafika inali yotuwa ngati chiwindi chophika, koma pa makina yafiira, ndipo yatulutsa mkodzo wokwana masupuni anayi. Magazi a Timothy sakulimbana nayo. Ingagwire ntchito zaka zisanu, mwina zitatu, mwina osadzuka n'komwe.

"Ndiye simukudandaula kuti ndi yotere?" dokotalayo anafunsa.

Eya anali atafika kale pamlomo. Timothy anamumeza. Anakhala tsonga, anagwira dzanja la dokotalayo ndi lamanzere lija mpaka munthuyo anatsinzina, n'kulankhula Chingerezi pang'onopang'ono ngati mwana wa sitandade wanu:

"Ndikuifuna. Impso imeneyo, yokanidwayo, ndikuifuna ine. Iikeni muno. Lembani mawu onse mmene ndanenera."

Anamuika masana a tsiku lomwelo. Impsoyo inagona masiku khumi, ndipo kanayi anabwerera pa makina. Lolemba pa 18 Novembala, m'thumba lolendewera pambali pa bedi munaoneka madzi achikasu, poyamba pang'ono, kenako ambiri. A Abdulkader anabwera kudzamuona m'mawa mwake. Anaima kumapazi kwa bedi, anayang'ana thumbalo, n'kunena kuti, "A Mpini, mwana wabadwa." Timothy anaseka, ulusi unakoka, anatukwana.

Anatuluka pa 26 Novembala. Impsoyo imaoneka akavala malaya othina: kachotupa m'munsi mwa mimba, kumanja, pansi pa khungu penipeni. Pa basi ya ku Highfields, anthu akadzaza n'kumakankhana ndi zigongono ndi zikwama, Timothy amaima chammbali, phewa patsogolo, monga ankaimira kale belu likalira. Koma dzanja lamanzere silikhalanso pachibwano. Limakhala m'munsi, lotambasula, litaphimba pamenepo.